Landilodi wa Fulashi

Chiyambire Novembala 2023, pamene Banki Yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ife amene malipiro athu amatha pa 10 mwezi uliwonse tinasiya kufunsa mtengo wa simenti. Kufunsako n'kudzipweteka dala. Koma chikundiwawa lero si simenti ayi, ndi fulashi, kanthu kaja timasungamo nyimbo, zithunzi za ukwati ndi makalata ofunsira ntchito. Nako kamagulidwa kunja ndi madola, choncho dola ikakwera kamakwera nayo, pomwe kulimba kwake kuli pomwepaja. Aliyense amene anagulapo fulashi yotchipa akudziwa kuti kawirikawiri imayamba kutha kunja: chivindikiro chimasowa, kabowo komangirira ku makiyi kamathyoka, chigoba chimang'aluka, mpaka kabolodi kamkati kamatsala pamtetete, kali moyo ndithu koma kopanda pogona. Maganizo anga, amene ndawalingalira mofatsa monga munthu wosachuluka zochita, ndi akuti fulashi yotere isatayidwe. Tiimangire nyumba ya njerwa zoseweretsa ana za LEGO, popeza imeneyi ndi nyumba yokhayo ya njerwa imene ambirife tidzaimange mpaka kufika padenga.

Womanga wanzeru amayamba wafufuza njerwa, ndipo mbiri ya njerwa imeneyi ndi yotichititsa manyazi akuluakulufe. Kampani yake inayambira m'tauni ya Billund ku Denmark mu 1932, m'manja mwa kalipentala Ole Kirk Christiansen, amene ankapanga zidole zamatabwa. Njerwa imene tikuidziwa leroyi, ya timitu pamwamba ndi timachubu kunsi, inalembetsedwa kuboma pa 28 Januwale 1958, ndipo kuyambira 1963 imaumbidwa ndi pulasitiki yolimba ya ABS. Njerwa ya mu 1958 imalumikizikabe bwinobwino ndi imene yatuluka m'fakitale chaka chino, pomwe pa uvuni wa kwathu njerwa ya m'mawa ndi ya madzulo, zotuluka m'chikombole chimodzi, sizidziwana. Za kukhalitsa musachite kufunsa. Mu 1997 sitima ya Tokio Express itawombedwa ndi funde inagwetsera m'nyanja tizidutswa ta LEGO pafupifupi 5 miliyoni kufupi ndi Cornwall ku England, ndipo mpaka pano anthu akutitolabe pamchenga. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya Plymouth anapeza kuti njerwa zoterezi zikhoza kukhala m'madzi a m'nyanja zaka pakati pa 100 ndi 1,300. Ndipezereni kontilakita amene angalonjeze zaka 13 zokha osaseka.

Kamangidwe kake sikafuna pulani ya ku khonsolo. Njerwa ya timitu 8, ya mizere iwiri, ndi pafupifupi mamilimita 32 m'litali, 16 m'lifupi ndi 9.6 msinkhu. Mlomo wachitsulo wa fulashi, uja timalowetsa m'kompyuta, ndi mamilimita 12 m'lifupi ndi 4.5 kuchindikala. Ndiye kuti tenanti wathu, fulashi ija, akukwanamo, bola akhale wowonda. Akakhala wamtali, mutenge njerwa ya timitu 12, ya mamilimita pafupifupi 48. Mumasenda chigoba chakale mosamala, osakanda kabolodi. Mumatembenuza njerwa n'kudula timachubu tamkati ndi kampeni kakuthwa, apo mwawonongeratu chinthu chenichenicho chimene a ku Denmark ananyadira mu 1958, koma chitukuko sichibwera popanda kugwetsa kanthu. Kenako mumaboola khomo mbali yaifupi kuti mlomo utuluke wonse, chifukwa ukatuluka theka sulowa bwino m'kompyuta. Mukayesa n'kuona kuti ikuwerenga, mumathira guluu wotentha kuti kabolodi kasagwedere, n'kutseka kunsi ndi kanjerwa kaphanthiphanthi ka mamilimita 3.2. Chitseko ndi njerwa ya timitu 4 yokumbidwa chimodzimodzi. Palibe mmisiri wozembetsa matumba a simenti, palibe lole ya mchenga, palibe wogulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu.

Otsutsa sasowa. Oyamba ndi aja amati nthawi ndi ndalama, bwanji osangogula ina. Awa ndiwayankha mwaulemu kuti nthawiyo ndili nayo yambiri, ndalamazo ndiye sitinakumanebe. Achiwiri akuti LEGO ndi yodula kuposa fulashiyo. Zoona, ngati mukugula bokosi lonse. Koma ntchito iyi ikufuna njerwa zitatu basi, ndipo ufulu wa kampaniyo wopanga yokha njerwa zotere unatha kalekale, n'chifukwa chake makampani ena amapanga zofanana nazo zotchipa, ndipo wolimbikira kuvundukula milu ya zidole pa kaunjika akhoza kukumana nazo. Achitatu akuti bambo wandevu zake kumaseweretsa zidole n'kudzichotsa ulemu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Komanso munthu amene wakalambira m'nyumba za lendi ulemu wake anausiya kalekale kwa eni nyumba, ndipo apa ndiye akuutenganso, pakuti tsopano naye ndi landilodi, wa tenanti wosadandaula za denga lodontha, wosaitana alendo, wosachedwetsa lendi chifukwa salipira n'komwe. Za mlonda kapena galu musavutike, amene anapondapo njerwa ya LEGO usiku alibe nsapato akudziwa kuti nyumbayi imadzilondera yokha. Chiopsezo chenicheni ndi eni nthaka, ndiye kuti ana, amene mwawalanda njerwa popanda chipukutamisozi. Mlandu umenewo umakathera kwa mayi awo, ndipo kubwalo limenelo kulibe apilo.

Pali zotsutsa ziwiri zolemera zimene sindingazizembe. Choyamba, njerwa ndi yonenepa kuposa chigoba wamba, moti pa laputopu ya mabowo oyandikana ikhoza kutchinga bowo linzake. Kunena mwachidule, nyumba yadya malire a neba. Mankhwala ake ndi kachingwe kowonjezera ka USB, ndipo nkhani yatha popanda kuitana amfumu. Chachiwiri ndiye chachikulu: nyumba siichiritsa tenanti. Fulashi imasunga zinthu mwa kutsekera timphamvu ta magetsi m'tizipinda tosaoneka ndi maso, luso limene Fujio Masuoka anatulukira ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Tizipindato timatopa tikamalembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri, ndipo mphamvuyo imatha pang'onopang'ono fulashi ikagona zaka m'dirowa. Njerwa siitchinga vayilasi ya pa kompyuta ya posindikizira mapepala, ndiponso siisandutsa fulashi yachinyengo, yolembedwa 64 GB pomwe mkati muli 8, kukhala yoona. Choncho chilichonse chofunika chikhale ndi kope lina kwina. Ndikuvomereza, nyumba ikhoza kukwanitsa zaka 1,300, tenanti ayi. Koma landilodi weniweni salira tenanti. Mafulashi oyamba a mu 2000, monga DiskOnKey imene IBM inkagulitsa, ankanyamula 8 MB, nyimbo ziwiri basi, lero alipo onyamula makanema ambirimbiri. Matenanti amabwera n'kupita. N'chifukwa chake ndanena guluu wotentha osati epoxy: epoxy ikauma, tenanti simudzamutulutsanso ngakhale mubwere ndi masherifu.

Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linati mu 2022 dziko lapansi linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zikudziwika kuti zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinakwane gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa sindikuseka. Ngati wopanga zidole wakwanitsa kusunga muyezo umodzi zaka zoposa 60 polemekeza mwana wa zaka zisanu, opanga zipangizo za akuluakulu alibe chowiringula. Sikuti sadziwa kupanga chigoba cholimba. Amadziwa kuti chosalimba ndicho chimatibweza kusitolo, ndipo wobwerera kusitolo kawirikawiri ndi wosauka, amene anagula chotchipa poti cholimba sakanachikwanitsa. M'dziko losowa ndalama zakunja, chinthu chilichonse chamoyo chimene tataya chifukwa cha chigoba ndi dola imene tiitumizenso kunja. Mayi womanga foni ndi mphira ndi mnyamata wokulunga fulashi ndi selotepi timawaseka, koma pankhani imeneyi oganiza bwino ndi iwowo. Ndipo pulasitiki yokana kuwola zaka mazanamazana kuli bwino igwire ntchito m'thumba kusiyana n'kukayandama m'nyanja.

Chatsala ndi wilo, chifukwa munthu wa nyumba safa chisawawa. Ndikulangiza malandilodi anzanga kuti alembe momveka bwino kuti nyumba ya timitu 8 ikupita kwa ndani, chitseko kwa ndani, apo ayi akuchimuna ndi akuchikazi adzakokerana pa maliro, wina n'kuthawa ndi chitseko usiku wa pa siwa. Adzafuna kudziwanso chuma chimene chili mkati, adzabwereka laputopu kwa aphunzitsi, adzasonkhana onse mwakachetechete ndi amalume kutsogolo. Adzapezamo nyimbo za kwaya, kalata yofunsira ntchito yokonzedwa kambirimbiri koma yosayankhidwa, ndi pulani ya nyumba ya zipinda zinayi.