Wawa, a Dzenje Eni Msewu

M'dziko muno muli akuluakulu ena amene timangowatukwana pa wailesi, chonsecho ntchito yawo amaigwira usana ndi usiku osalandira ngakhale tambala. Ndikunena a Dzenje, amene alamulira msewu wa M5 pakati pa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa kwa zaka zambiri, ndipo ana ndi zidzukulu zawo ali mbwee m'misewu ya Ndirande ndi Area 25.

Kuti muuone bwino ukulu wawo, akumanitseni ndi galimoto ya liwiro. Tinene Porsche 911, imene Ajeremani akhala akupanga ku Stuttgart kuyambira 1964. Injini yake ili kumbuyo, ndipo mtundu wa Turbo S umafika pa makilomita 100 pa ola masekondi atatu asanakwane, n'kupitirira mpaka kudutsa 300. Kwawoko, pa Autobahn, pali zigawo zimene lamulo silikuikira malire a liwiro, ndiye galimotoyi inakula yopanda mwambo. Mimba yake imayenda mokhudza pansi, mpata wake osakwana masentimita 15, matayala ndi otambalala koma opyapyala m'mbali. Anaipangira msewu wosalala, ndipo palibe anaiuza kuti kunja kuno kuli eni nthaka.

Ifike kuno tsono. Bwana wavala magalasi akuda, injini ikubangula, anthu pa siteji atembenuka makosi. Kutsogolo a Dzenje ali phee, sakuimika dzanja ngati wapolisi, sakufunsa laisensi. Bwana aponda buleki yekha. Akakhala wanzeru aisiya asanalowe, poti buleki imakankhira kulemera konse kutsogolo ndipo mphuno imaweramira mwala. Alowa chopingasa, tayala limodzi kaye, kenako linalo, khutu lili tcheru kumvetsera ngati pansi pakhula. Mayi amene anawatenga atsika, nsapato zazitali zili m'manja, n'kumakodola: "Bwerani, bwerani, pindani pang'ono, basi imani!" Pamenepo Sienta yodzaza anthu ndi matumba a mbatata iliza hutala n'kudutsa cham'mbali. Wakabaza nayenso adutsa, mbuzi ili pakaliyala, apereka moni mwaulemu. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, koma amene amauphunzitsa mwambiwu popanda fizi ndi a Dzenje.

Nthawi ya dzinja ndiye amavala zaufumu. Amadzaza madzi, onse n'kufanana nkhope, ndipo sungadziwe kuti awa ndi ofika m'kakolo kapena m'mawondo kufikira utawalonjera ndi limu. Ukati uwazembe podzera njira yafumbi, ukapeza alamu awo a Matope. Pa dothi lofiira lonyowa mphamvu ya injini imasanduka mdani: ukaponda mafuta mwaukali matayala amangozungulira pamodzimodzi, matako a galimoto n'kuyamba kufuna kutsogola. Pamafunika phazi lofatsa ndi chiwongolero chogwira mwaulemu, zinthu zimene munthu wogula galimoto yotere sanazolowere. Mainjiniya a ku Stuttgart nawonso anagonja kalekale, anaikamo batani lokweza mphuno ndi masentimita 4. Kuno masentimita 4 ndi moni chabe, nkhani isanayambe.

Ena amati a Dzenje ndi owononga. Kafunseni womata matayala pansi pa mtengo wa mango, wowongola malimu ndi hamala, wowotcherera ekizozi, ndi anyamata aja amene amathira dothi ndi fosholo n'kutambasula dzanja, mawa n'kudzathiranso pomwepo. Ndi unduna uti walembapo anthu ntchito ochuluka chotero? Ndipo ziphuphu salandira. Nduna ndi wogulitsa makala onse amaweramira pamalo amodzi, kungoti nduna imawerama ili mu Land Cruiser, choncho msana suimva kwenikweni.

Kubadwa kwawonso n'kodzichepetsa. Tala ang'ambika kamng'alu, mvula ilowa n'kufewetsa dothi lapansi, thiraki yolemera ipondapo, kachidutswa kachoka, basi mfumu yabadwa. Nyengo ya kampeni iliyonse andale amalumbira pa nsanja kuti awathetsa. Mlendo wamkulu akamabwera m'boma, amawakwirira usiku ndi usiku, osaitana ngakhale achibale. Mvula ikangogwa kawiri a Dzenje auka pamalo pomwepo atanenepako, ndipo mwini Porsche wayamba kale kufunsa mtengo wa Hilux.