Ntchito yanga yatsopano ndi kusowa ntchito

Chakudza sichiyimba ng'oma. Changa chinabwera mu envelopu ya khaki Lachisanu masana. Kampani imene ndinkawerengako makatoni cha ku Makata inati malonda sakuyenda, ndalama zakunja zasowa, choncho ichepetsa antchito. Anayambira ine, ngakhale kuti pa tiyi wa 10 koloko ndine ndinkathira shuga wochepa kuposa onse.

Usiku womwewo alamu anga a ku Joni anaimba pa WhatsApp. "Alamu, musalire. Mawa mukalembetse basi. Boma lizikupatsani kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka mutapeza ina."

Alamu angawa akhalitsa ku Johannesburg moti anaiwala kwawo. Kumeneko kuli thumba lotchedwa UIF. Wantchito amasonkhako 1 peresenti ya malipiro ake, bwana naye 1 peresenti, ndipo ntchito ikatha munthu amalandirako gawo la malipiro kwa miyezi ingapo uku akusaka ina. Atandifotokozera ndinagona tulo tabwino, mpaka ndinalota ndikusankha nyama pa msika wa Ndirande, wogulitsa akunditchula kuti bwana.

Lolemba ndinavala jekete ya ukwati, n'kukwera minibasi kupita m'tauni ku ofesi yoona za apantchito. Nthawi yanga itakwana ndinakhala pampando, n'kupinda miyendo, n'kunena mwaulemu kuti ndabwera kudzalembetsa malipiro a anthu osowa ntchito. Bambo amene ndinawapeza anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso kuti andione bwino.

"Achimwene, mwachokera dziko liti?"

"Ku Ndirande, bwana."

"Kuno ku Malawi thumba limenelo kulibe. Likanakhalapo, mzere wake ukanayambira pakhomo pano mpaka ku Lunzu, ndipo ena a mumzeremo akanakhala anthu oti ali pantchito kale."

Ndinafunsa za Mtukula Pakhomo, popeza nanenso pakhomo panga pamafunika kutukulidwa. Anandiuza kuti ndalama zimenezo, zomwe zinayambira ku Mchinji mu 2006, n'za mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga nkhalamba zolera ana amasiye. Anandiyang'ana mikono n'kunena kuti ine mphamvu ndili nazo. Zoona, ndili nazo. Chosowa ndi pozitula.

Koma bambowo anali munthu wabwino. Anatenga pepala n'kundilembera zimene lamulo limapatsa munthu wochotsedwa ntchito popanda mlandu. Choyamba ndi notisi: wolandira pamwezi amayenera kuuzidwa kutatsala mwezi, apo ayi alipidwe mwezi umenewo. Chachiwiri ndi masiku a tchuthi amene sunapume. Chachitatu ndi ndalama za severance, zimene lamulo la ntchito la 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2010, limawerengera motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka kuyambira cha 11 kupita m'tsogolo. Wogwira zaka 7 amatuluka ndi malipiro a masabata 16. Wochotsedwa chifukwa choba kapena kuledzera pantchito sapata severance. Apa ndinathokoza Mulungu kuti mowa wanga wonse ndinkamwera ku Chinseu, kutali ndi makamera a kampani.

Kenako tinafika pa penshoni. Kuyambira mu 2011 lamulo limakakamiza kuti wantchito azidulidwa 5 peresenti, bwana aziwonjezerapo 10 peresenti, zonse zizipita ku kampani yosunga penshoni. Ntchito ikakuthera usanakalambe ungathe kutapako gawo lina, lotsalalo n'kumadikira imvi. Koma sutapa tsiku lomwelo. Kale munthu ankayenera kukhala miyezi isanu ndi umodzi asanapeze ntchito ina, ndipo lamulo latsopano la 2023 linatsitsa n'kufika pa miyezi itatu.

Ndinafunsanso kuti ndimvetsetse. "Ndiye kuti chofunika kwa ine n'kukhala miyezi itatu osagwira ntchito?"

"Eya."

Abale anga, chibadwire sindinaonepo lamulo logwirizana ndi luso langa ngati limeneli. Kusukulu aphunzitsi ankandikwapulira khalidwe lomweli, lero Nyumba ya Malamulo yalivomereza. Ndinabwerera ku Ndirande ndili ndi udindo.

Ndinaugwira mokhulupirika. M'mawa kuothera dzuwa pakhonde, masana ku bawo, madzulo kukangana za Bullets ndi Wanderers ndi anthu amene nawonso sanalowe mu sitediyamu chaka chino. Tsiku lina mayi a kunyumba anabwera ndi uthenga woti m'bale wawo ku Bangwe akufuna munthu womuyang'anirira amisiri pa nyumba imene akumanga.

"Mayi," ndinatero, "mukufuna ndiphwanye lamulo? Boma lati ndikhale."

"Chabwino, abambo. Nanga lamulo lanulo likuletsanso kutsuka mbale?"

Ndinafufuza pa pepala lija. Za mbale panalibe.

Kukhala kokhako sikunavute. Chimene chinandionetsa zakuda ndi kutsimikizira anthu kuti ndikukhaladi. Pamafunika kalata yochotsedwera ntchito, chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti ya ku banki, ndi fomu yoti bwana wakale asayine n'kudinda. Chilichonse chimafuna fotokope, ndipo mnyamata wa fotokope yekha ndiye amene ndinaona kuti ulova wa anthu ukumupindulira. Amangokuona jekete ndi envelopu ya khaki, n'kuyatsa makina usanayankhule.

Kukadinditsa fomu ndinabwerera ku kampani kuja. Mlonda wa pageti, amene zaka zonsezi ndinkamugawira chinangwa chokazinga, anandiimitsa ndi dzanja.

"Tikuthandizeni, bambo? Mukufuna kuonana ndi ndani?"

"Iwe, ndine ndemwe."

"Lembani dzina m'bukumu, ndi kumene mwachokera."

Anandikoleka kakhadi ka alendo pakhosi. Ndinakhala pa benchi moyang'anizana ndi tebulo langa lakale, pomwe panali mwana wina wachilendo akumwera tiyi m'kapu yanga. Shuga anathira masupuni atatu. Ndinawerenga. Bwana wosayina anali mu miting'i, ndipo wosunga chidindo anali ku maliro ndi kiyi wa kabati m'thumba.

Fomu itadindidwa ndinapita nayo kosunga penshoni. Mtsikana wa pa kompyuta anatembenuza sikirini kuti ndidzionere ndekha. Miyezi ingapo yomaliza inali yoyera mbee. Pa pepala la malipiro ndalama zinkadulidwa mwezi uliwonse osaphonya, koma zinasochera pakati pa Makata ndi m'tauni, ulendo woti munthu amayenda wapansi. Matenda amenewa si a kampani yathu yokha. Banki yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira za penshoni, yakhala ikudandaula kwa zaka kuti olemba ntchito ambiri amadula ndalamazi koma osazipereka, ndipo ngongole yake ili m'mabiliyoni. Madala a ku bawo anandilangiza kuti ndikasume ku khoti la za apantchito. Wina mwa iwo, amene akudikirabe ndalama zake za ku migodi ya ku Joni, anandisisita paphewa n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anayamba kudekha ine ndisanabadwe.

Pamene ine ndinkadikira, mbiri inali itafika kale paliponse kuti ndikulandira phakeji. Alandilodi anayamba kundipatsa moni kawiri patsiku, n'kumatchula za mtengo wa malata. Mwini golosale anatulutsa kabuku kake ka ngongole, tsamba langa atalipinda pakona. Amalume anaimba kuchokera kumudzi kuti matumba awiri a feteleza angokwanira. Akomiti ya chitukuko kutchalitchi anabwera kudzandipempherera, atanyamula risiti buku. Ngakhale mkulu wa katapila, amene samwetulira munthu, anandiimitsa pamsewu kufunsa ngati ana ali bwino. Ndalama ndisanazione n'komwe zinali zitatha kale kawiri. Ndipo ndalama yodikira imaonda. Amene ankayembekezera zawo mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, anagona ndi mtengo wa njinga yamoto n'kudzuka ndi mtengo wa njinga yakapalasa.

Severance itafika, mayi a kunyumba anaiyala pamphasa m'timilu: lendi, fizi, golosale, magetsi, feteleza wa amalume thumba limodzi. Ine anandipatsa ya bandulo kuti ndiwauze alamu zoti kuno si ku Joni. Yotsala anapita nayo ku banki mkhonde, n'kubwerako ndi ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi beseni latsopano.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti thumba la anthu osowa ntchito lilipo ndithu m'dziko muno, kungoti silikhala ku ofesi. Ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, kulikonse kumene bambo wabwera ndi envelopu ya khaki, amene amalipira ulova wake ndi mayi wogulitsa tomato, mlongo wa salauni, kapena mwana wa kabaza. Thumba limeneli silifuna fotokope ndipo silidikiritsa miyezi itatu. Limalipira tsiku lomwelo, nsima ndi bonya. Koma malamulo ake ndi okhwima kuposa a boma, ndipo apilo kulibe.

Pano ndimadzuka 4 koloko kukoleza mbaula. Pofika 6 koloko ndimakhala ndili pa siteji ndi beseni la mandasi, jekete ya ukwati ili pathupi chifukwa abwana anati makasitomala amakhulupirira munthu wooneka bwino. Madzulo ndimapereka malipoti, ndipo mandasi aliwonse osowa amafufuzidwa mpaka m'mano mwanga. Kumapeto kwa sabata amandipatsa kanga, atadulako 5 peresenti ya penshoni. Nditafunsa za 10 peresenti ya olemba ntchito, anandiyankha kuti malonda sakuyenda, ndalama zakunja zasowa, ndipo ndikapitiriza mafunso ayamba kuchepetsa antchito.