Zomveka pa Depoti ya Al Ghubaiba

Pa depoti ya mabasi ya Al Ghubaiba, ku Bur Dubai, nkhani yosatha m'kamwa ndi ya lendi. Ambiri ogwira ntchito kuno sagona mu Dubai. Amagona ku Sharjah kapena ku Ajman, kumene nyumba n'zotsikirako mtengo, ndipo amalawirira mbandakucha kukathithikana pa msewu wa Al Ittihad. Ena akuti ndalama yopulumutsa pa lendi amaibweza ndi tulo. Anzawo akuti tulolo amagonera m'basi momwemo, ndiye chatayika n'chiyani?

Pamapu ndi maufumu atatu, uliwonse ndi mfumu yake ndi malamulo ake, koma nyumba zinakumana kalekale moti mlendo sadziwa pamene wadutsa malire. Imamuuza ndi takisi: akangowoloka, mtengo umalumpha ndi madirhamu 20. Sitima ya Metro, imene inayamba mu 2009, imabwerera isanaponde mu Sharjah, ndipo ikafika nkhani imeneyi aliyense pamzere amasanduka injiniya. Mu 2019 anayambitsa boti lochokera pomwepa kupita ku Sharjah, komabe madandaulo a msewu sanathe. Okonda botolo ali ndi lawo: ku Sharjah mowa ngoletsedwa, choncho ludzu nalo limakwera basi.

Ikatchulidwa Abu Dhabi, mawu amatsika pang'ono. Mu Disembala 2009, Dubai itamira m'ngongole, Abu Dhabi inapereka madola mabiliyoni 10. Mwezi wotsatira, nyumba yaitali ija, imene aliyense ankaidziwa kuti Burj Dubai, inatsegulidwa ndi dzina loti Burj Khalifa, la mfumu ya Abu Dhabi ya nthawi imeneyo. Anthu amangomwetulira: achimwene akakulipirira ngongole, mwana umamutcha dzina lawo.

Amayi ageni ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene amasankha nsalu ku Meena Bazaar n'kuwoloka mtsinje kupita ku Deira pa kabwato kotchedwa abra, za malire a Sharjah alibe nazo ntchito. Mtima wawo uli pa kontena. Imachoka padoko la Jebel Ali, limene amayendetsa ndi a DP World, kampani ya Dubai, ndipo mu 2023 kampani yomweyo inasainira kuyendetsa mbali ina ya doko la Dar es Salaam. Akuti masiku ano katundu amakweza ndi Dubai, wotsitsa ndi Dubai yemweyo. Kumene sanafike ndi pa chipata cha Songwe, pomwe a msonkho amadikira ndi mapepala awo.