Dziko Likatha Musadzati Sitinakuuzeni

Ku America kuli anthu amene sagona tulo poganiza za tsiku limene magetsi adzathime osayakanso, mabanki adzatseke zitseko, m'mashopu mudzatsale mashelufu okhaokha, ndipo boma lidzasiye kuyankha foni. Amawatcha ma prepper. Ali ndi magazini awo, misonkhano yawo, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2014 kanema wa National Geographic ankawaonetsa pa pulogalamu ya Doomsday Preppers akuwerenga zitini za nyemba ndi zipolopolo dziko lonse likuonerera. Mwina inu mwayamba kale kuseka, mukuti zimene akuopazo n'zimene munadutsamo dzulo. Musaseke, akuluakulu. Kuzolowera mavuto si kukonzeka. Munthu wokonzeka amakhala ndi malisiti, ndipo inu mulibe.

Yambani ndi dzenje. Munthu wodziwa kuti dziko likutha sakhala pamtunda ngati anthu wamba. Ku Kansas, mkulu wina dzina lake Larry Hall anagula chidzenje chimene asilikali ankasungamo mzinga wa nyukiliya wa Atlas pa nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, n'kuchisandutsa nyumba ya nsanjika 15 zolowera pansi. Muli dziwe losambira ndi chipinda choonera kanema, ndipo m'malo mwa mawindo anaikamo ma TV oonetsa zimene zikuchitika kunja, kuti eni ake aziona bwinobwino mmene ena tikuthera. Nsanjika imodzi yathunthu ankaigulitsa pa madola 3 miliyoni. Amene ndalama zawachepera amapita ku South Dakota, kumene kampani ya Vivos inatenga zipinda za konkire 575 zimene kale zinali nkhokwe za mabomba.

Inu madola mulibe, ndipo ngakhale mutakhala ndi makwacha ake, nkhani yopeza madolayo tonse tikuidziwa. Tengani khasu ndi fosholo. Kumbani kuseri kwa nyumba, makamaka usiku. Aneba akafunsa, nenani kuti ndi chimbudzi. Musayerekeze kunena zoona, chifukwa munthu wokumba dzenje usiku n'kumati ndi logonamo amafika kwa amfumu dzuwa lisanatuluke, ndipo mlandu wake sukhala wa zomangamanga. Vuto la bodza la chimbudzi ndi lakuti likatha dzenjelo anthu a pa poloti yonse adzafuna kiyi. Ngati muli pa lendi, dziwani kuti alandilodi akangoliona adzati ndi chipinda china, n'kukweza lendi.

Pali kanthu kamodzi kamene mabuku a anzathuwa sanena. Iwo dzenje amakumbira zoopsa zochokera kumwamba. Zathu zimachokera kuphiri ndi kumtsinje. Mukakumba ku Nsanje kapena ku Chikwawa, pofika Febuluwale mudzakhala mwapatsa mudzi chitsime. Ndipo apa ndileke kaye nthabwala: mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe, n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu opitirira 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ambiri amene anatuluka m'matopemo anavuulidwa ndi anzawo okhala nawo pafupi, ndi makasu ndi manja, thandizo la kutali lisanafike, ndipo anakagona m'makalasi ndi m'matchalitchi mothithikana. Koma inu monga wophunzira wa kudzidalira, mfundo imeneyi musaiganizire kwambiri. Imasokoneza maphunziro onse.

Tibwere ku chakudya. Boma la America limalangiza kusunga galoni imodzi ya madzi, pafupifupi malita anayi, pa munthu aliyense tsiku lililonse. Mpingo wa Mormon wakhala ukuphunzitsa anthu ake kusunga chakudya cha miyezi ingapo ngakhale chaka. M'mashopu akuluakulu mumagulitsidwa zidebe za chakudya chouma zolembedwa kuti chikhoza kukhala zaka 25 osaonongeka. Kukoma kwake sanalembepo. Inu werengerani matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 pa munthu aliyense pachaka. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, matumba 18. Masamu ake ndi ophweka, kungoti palibe banja la anthu asanu ndi mmodzi limene limakhalabe la anthu asanu ndi mmodzi zikamveka kuti lili ndi matumba 18.

Mdani woyamba sadikira n'komwe kuti dziko lithe. Nankafumbwe amayamba ntchito mwezi womwe mwakolola, ndipo mukachita ulesi kuthira Actellic kapena kugula matumba a PICS aja osalowa mpweya, tsiku lalikulu likadzafika mudzamasula thumba n'kupeza kuti wina anakugayirani kale, ufa wake wonunkha. Za ndiwo funsani agogo. Iwo akhala akufutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika padzuwa, n'kumanga mfutsowo m'chikwatu cha masamba chopachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa tizilombo. Makaka a chinangwa amawadziwa, kuyanika bowa amakudziwa. Cholakwa chawo n'chakuti sanalembepo dzina lachingerezi ndi mtengo wa madola, n'chifukwa chake akutchedwa osauka m'malo motchedwa akatswiri. Inu konzani zimenezo. Thirani mfutsowo m'chidebe cha pulasitiki, matanipo pepala, kenako ajambuleni agogowo atanyamula.

Tsopano tafika pa lamulo lalikulu la ma prepper onse: musauze munthu. Iwo amati chakudya chodziwika ndi aneba si chako. Ku Montana, kumene nyumba yoyandikana nayo ili kutali mwakuti simumva ngakhale galu wake, lamuloli n'losavuta. Yesani kuno.

Chimanga sichidyedwa chamaso. Muyenera kupita nacho kuchigayo, ndipo kuchigayo kuli mzere wa amayi amene amadziwa kuwerenga ndowa kuposa a kalembera. Adziwa kuti mwabwera kawiri mwezi uno, adziwa kuti mwakonoletsa pamene ena onse akugayitsa mgaiwa, adziwanso kuti madeya munawasiya osatola, chimene ndi chizindikiro cha munthu wokhuta. Mukafuna ufa woyera muyenera kuviika mphale, ndipo fungo la matsukwa limadumpha mpanda. Kenako muyenera kuyanika ufawo pamphasa, pabwalo, masana, woyera mbee, nkhuku za mudzi wonse zikuchitira umboni. Ndiye pali utsi. Mwezi wa njala, khomo limene likufuka utsi katatu patsiku lalengeza kale pa wailesi. Muziphika pakati pa usiku, pa mbaula, zitseko zotseka, ngakhale a zaumoyo amachenjeza kuti mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha. Musankhe nokha chimene mukuopa kwambiri, mpweyawo kapena alamu anu.

Ana ndiye akazitape oopsa. Mukhoza kuwaphunzitsa kunena kuti kwathu kulibe kanthu, koma masaya awo sangaphunzire. Mwana wonyezimira pakati pa anzake otuwa ndi kalata yopita kwa aliyense. M'pakeni phulusa asanapite kusukulu. Inunso muzivala malaya okula kuti muzioneka ngati mwatsika thupi, ndipo kamodzi pa sabata muzipita kwa aneba ndi kambale kukapempha ufa, iwo asanabwere kwa inu. Choopsa chake n'chakuti akhoza kukupatsanidi, pa kochepa kamene ali nako, ndipo mudzabwerera kunyumba ndi ufa wa munthu wanjala kukauika pamwamba pa matumba 18. Usiku umenewo tulo tidzavuta, koma kudzidalira sikufuna anthu a mtima wofewa.

Akuluakulu adzakuuzani kuti kupatsa n'kuika. Afunseni kuti kuikako n'kuti, nanga buku lake amasunga ndani. Pakagwa maliro, mnyamata wa amfumu akamayenda khomo ndi khomo kutolera ufa ndi ka ndalama, inu zimitsani wailesi, mukhale chete mpaka adutse. Kumanda musapite, kudwazika matenda musapite, msonkhano wa mjigo musapite. N'zoona kuti mudzi umasunga zimenezi mumtima, ndipo tsiku lanu likadzafika adzukulu akhoza kudzakhala pansi, makasu ali pambali, kudikira kuti abale anu alipire chindapusa asanayambe kukumba. Koma apa m'pamene nzeru zanu zidzaonekere, chifukwa inu dzenje munakumba kale.

Mudzafunika mlonda. Nkhani imeneyi yazunguza mitu ngakhale ya anthu olemera kwambiri. Wolemba mabuku wa ku America, Douglas Rushkoff, anafotokoza m'buku lake la 2022, Survival of the Richest, kuti anaitanidwa ndi amuna asanu achuma chosaneneka, ndipo funso limene linawadya nthawi linali lakuti alonda awo adzawamvera bwanji ndalama zikadzasanduka mapepala. Anaganiza zotsekera chakudya ndi maloko a manambala odziwa iwo okha. Anaganizanso zoveka alondawo makolala owalanga nawo. Iye anawalangiza kuti ayambe lero kuwachitira zabwino anthuwo, ndipo malangizowo sanawasangalatse. Inunso musawatsatire. Pitirizani kumulipira mlonda wanu pa 15 mwezi wotsatira, pitirizani kumupatsa tiyi wopanda shuga, ndipo muiwale kuti matumba aja anatsitsa pa lole ndi iyeyo, amadziwa chipinda chake, amadziwanso kuti loko wake amatseguka ndi msomali.

Konzaninso kothawira. Peter Thiel, mmodzi mwa amene anayambitsa PayPal, anapatsidwa unzika wa New Zealand mu 2011 atakhalako masiku 12 okha. Inu New Zealand wanu ndi kumudzi, kumene munapitako komaliza pa maliro a malume, n'kunyamuka nsima isanapse chifukwa cha fumbi. Mukadzafika ndi matilesi pamutu adzakulandirani ndithu. Munda wanu uja adzakulozerani ali chapatali, muli fodya wa munthu wina.

Za ndalama n'zachidule. Anzathu aja amagula golide ndi siliva n'kukwirira. Inu munaona kwacha ikugwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho simufunika kuuzidwa kuti pansi pa matilesi ndalama zimaonda. Gulani mchere, machesi, sopo ndi mbuzi. Mbuzi ndi banki yabwino, kungoti imalira, ndipo m'dzenje lachinsinsi kulira n'kosaloledwa.

Ngati mukufuna chitsanzo cha kasungidwe ka chakudya, onani akuluakulu a dziko. M'zaka za 2000 ndi 2001, chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani opitirira 150,000, chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Chaka cha 2002 chitangoyamba njala inavuta, anthu anadya mizu ndi madeya, ambiri anamwalira, ndipo boma ndi a IMF anatha miyezi akulozana zala kuti analangiza ndani, anagulitsa ndani, nanga anagula ndani. Njira imeneyi imathekanso pakhomo. Mu Meyi, mavenda akabwera ndi sikelo zawo zokhala ndi maganizo awoawo, gulitsani matumba onse pamtengo wolira, mugule foni yatsopano. Mu Febuluwale mukagule chimanga chanu chomwecho kwa venda yemweyo, pa ndowa, mtengo utakwera kawiri kapena katatu. Akazi anu akafunsa, nenani kuti munalangizidwa ndi akatswiri akunja.

Musaiwale kuyeserera. Ku America ena amalipira ndalama kuti akakhale kutchire masiku angapo opanda magetsi, kuphunzira kukoleza moto ndi kusefa madzi. Ndipo si zachibwana ayi: mu Febuluwale 2021 kuzizira kutagwetsa magetsi ku Texas, anthu opitirira 200 anamwalira. Ife maphunzirowa tinalandira ulere. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo mwana aliyense wa m'tauni anaphunzira kulemba homuweki ndi tochi ya foni ili kukamwa. Kugona pa mzere wa mafuta ndi chigubu ndi kalasi ina imene ambiri anakhoza bwino. Chimene sitinayeserere n'chimodzi chokha. Mu Malichi 2020, matenda a Covid-19 atayamba, amayi ena anamenyana m'shopu ku Sydney polimbirana mapepala a kuchimbudzi. Pa phunziro limeneli tili m'mbuyo kwambiri, ndipo amene ali ndi zitsononkho kuseri kwa nkhokwe sangamvetse n'komwe funso lake.

Chatsala ndi tsoka limene ma prepper amaliopa koma salitchula: dziko likhoza osatha. Mu 1999 anthu anadzaza zipinda ndi zitini poopa kuti makompyuta asokonezeka pofika chaka cha 2000. Kunacha bwinobwino. Ena anadikira 21 Disembala 2012 chifukwa cha kalendala ya Amaya, ndipo pa 22 anadzuka n'kupeza ngongole zawo zili pomwepo. Zikakuchitikirani musataye mtima, ingosankhani deti lina, makamaka lakutali ndithu kuti anthu aiwale loyambalo.

Koma mlongo wanu sadikira deti. Adzafika mu Febuluwale pa kabaza, ana atatu ali pambuyo wapansi, m'manja muli thumba lopinda bwino. Adzakupatsani moni wautali, adzafunsa za alamu ndi ana, maso ali pa chitseko cha chipinda chija. Limbani mtima. Muuzeni mwaulemu kuti achemwali, chimanga chilipo ndithu, koma n'chodikira kutha kwa dziko. Adzakuyankhani kuti achimwene, kwathu latha Lachinayi lapitali, n'kutuma mwana wamkulu kuti akatenge ndowa.