Sikelo ya Malume

Okondedwa Malume,

Kuno ku Joni tadzuka, kungoti chisanu cha mu Juni chikulowa mpaka m'mafupa.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, ngakhale munkanong'ona. Mukufuna sikelo ya batire "yodziwa mwini wake", yoti thumba la soya la makilogalamu 50 izilitchula 46. Sikeloyo ndagula, ndipo ndinapita nayo ku Mayfair kwa mnzanga wa ku Mangochi amene amakonza mafoni.

Titaitsegula ndinagwa ulesi. Ndimayesa tipezamo nzeru zoopsa, koma mwangokhala kachitsulo kamodzi, akuti load cell. Mukaika thumba, kachitsuloko kamapindika pang'ono zedi, diso silingaone. Timawaya tomatidwa pamenepo timakokeka, mphamvu ya magetsi n'kusintha, ndiye kachipangizo kena kamasandutsa kusinthako kukhala manambala. Basi. Sikelo sibadwa ikudziwa kilogalamu, imachita kuphunzitsidwa. Mumaiika pa ziro, n'kuisenzetsa katundu wodziwika kulemera kwake, n'kuiuza kuti "uyu ndi 20." Mukainamiza tsiku limenelo, bodzalo imalisunga ngakhale batire lithe.

Choncho zimene mwapemphazo n'zotheka. Koma tili mkati mogwira ntchito, mnzangayo anafunsa kuti, "Kodi amene amagulitsa soya kwa malume akowo ndani?" Ndinayamba kuwerenga zala: agogo, mayi anga (mlongo wanu weniweni), ndi apongozi anga amene mpaka lero ndimawalankhula nditagwada, ngakhale pa foni. Makilogalamu amene sikeloyo ingadye, wodzabweza pa Mukuru mwezi ukatha ndine. Malume, ndivutike kuno ndi chisanu kuti ndizidzibera ndekha?

Kukonza taikonzabe. Taiphunzitsa ndi madzi, poti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, kaya ku Johannesburg kaya ku Mchinji. Talumikizanso kasikirini kachiwiri koyang'ana kwa wogulitsa, ka manambala ofiira akuluakulu, oti agogo aziwerenga opanda magalasi. Batani lija la tare, limene chala chanu chimakonda kulisisita mlimi akayang'ana kumbali, talisamutsira kutsogolo, pamaso pa anthu. A Malawi Bureau of Standards akadzabwera ndi miyala yawo yoyesera, musadzathawirenso m'chimanga. Mudzawapatse mpando, mwinanso ndi thobwa.

Ikubwera pa basi ya Loweruka. Muziikhazika pamalo osalala, isanyowe, ndipo ana asamadumphirepo, kachitsulo kaja kakapindikiratu sikabwereranso. Ndalama ya basi mundibwezere ndithu, chifukwa yandipweteka. Kunyumba bokosilo linalemera makilogalamu 9, koma pa sikelo ya anyamata okweza katundu linakwana 14. Ndinawafunsa ngati nawonso ali ndi malume ku Mchinji, sanandiyankhe.

Moni kwa onse. Amayi ndawauza kale za kasikirini.

Ine mphwanu,
wa ku Joni