Sanandipemphe Ndalama

Chimene chinandigwetsa m'mbuna n'choti anthuwo sanandipemphe ndalama. Tonse tinamva kale kuti wokuuza kuti utumize "ya fomu" ndi wakuba. Awa analemba poyera kuti kufunsira ntchitoyo n'kwaulere, ndiye mtima wanga unakhala pansi.

Uthengawo unafika pa gulu la WhatsApp la anzanga amene tinalembera limodzi MSCE. Akuti bungwe lina likufuna achinyamata okafunsa mafunso m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi. Ankafuna chithunzi cha chiphaso cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo, satifiketi, komanso manambala a anthu ondidziwa bwino. Chiphasocho ndinachiyala pampando panja powala, n'kujambula mosamala kuti chilembo chilichonse chizioneka. Pa anthu ondidziwa ndinalemba amayi, abusa athu ndi amalume a ku Mponela.

Mawa lake anaimba bambo wina waulemu wake. "Achimwene, mwasankhidwa. Pafoni panupo pabwera manambala 6, mundiwerengere kuti tikulowetseni m'kaundula." Pansi pa manambalawo panalembedwa kuti ndisauze munthu aliyense, ndipo mawuwo ndinawaona ndithu. Koma munthu amene wakhala pakhomo chimalizireni sukulu, akamva kuti wasankhidwa, amaopa kukhumudwitsa bwana asanamuone n'komwe. Ndinawawerengera.

Manambala amenewa WhatsApp imatumiza munthu akafuna kutsegula akaunti yake pafoni ina. Yanga inatsekeka pompo, ine n'kumati yavuta ndi netiweki.

Madzulo amalume anaimba mawu akunjenjemera. "Mphwanga, uli chipatala chiti?" Anali atalandira uthenga m'dzina langa woti ndagundidwa ndi njinga yamoto, kenako wina wodzitcha namwino anawatumizira chithunzi cha chiphaso changa chija ngati umboni. Akanakayika bwanji, nkhope ndi yanga, dzina ndi langa? Ndalama ya soya imene anasunga kuti agulire feteleza anali atatumiza kale. Nambala yawoyo akubawo sanachite kuifufuza. Ndinawapatsa ndine, pamodzi ndi mawu oti "amalume anga" pambali pake.

Kupolisi ndinakamva zina zimene sindinaziganizepo. Kuyambira 2018, MACRA inalamula kuti simu khadi iliyonse izilembetsedwa, ndipo ambiri timalembetsa ndi chiphaso chimene NRB inatijambula mu 2017. Choncho chithunzi cha chiphaso chikagwa m'manja olakwika, n'kupezanso wolembetsa masimu wosasamala, nambala yobera anthu ikhoza kutsegulidwa m'dzina la mwini chiphasocho. Tsiku lina wina wobedwa akakadandaula, dzina lotuluka pakompyuta likhoza kukhala langa.

WhatsApp ndinaibweza n'kuiikira nambala yachinsinsi, ndipo abale onse ndinawaimbira mmodzimmodzi kuwachenjeza. Chithunzi cha chiphaso chokha ndilibe njira yochilandira.

Amalume sanandikalipire, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Anangoti chaka chino chimanga adzala theka la munda, kwinako aika mtedza poti sufuna feteleza. Loweruka ndikupita ku Mponela kukawathandiza kugalauza mizere.