Kanyama ka 2,147,483,647

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ankanena za ulendo wa m'thengo, koma ine ndikuona kuti ankanenanso nambala iyi: 2,147,483,647.

Imeneyi ndi mbuli pa nkhani yogawana. Akatswiri a masamu amaiika m'gulu la manambala a prime, amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi mwini wake. Tinene kuti ndi chuma chamasiye, ndipo abale akhala pamphasa maliro atatha. Mukagawa pawiri, patsala kwacha imodzi. Patatu, patsala kwacha imodzi. Abwere asanu ndi awiri, abwere 11, abwere 331 pa lole, kakwacha kaja kali pomwepo, ndipo amene anakhalako pa zokambirana zotere akudziwa kuti kwacha imodzi imatha kufika kwa amfumu. Chodabwitsa n'chakuti mnansi wake wam'munsi, 2,147,483,646, ndi wopatsa: amagawika ndi 2, 3, 7, 11, 31, 151 ndi 331 popanda chotsala.

Kabadwidwe kake n'kosavuta. Lembani 2 ka 31, chulukitsani onsewo, chotsani 1. Manambala a prime obadwa chonchi amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene analemba mndandanda wake mu 1644. Amene anatsimikiza kuti kanyamaka sikagawikadi ndi Leonhard Euler, mu 1772, ali ku St Petersburg, maso atachita kale khungu. Ife tili ndi maso awiri ndi foni, koma chenje cha pa minibasi chimatizunguza mutu.

Tsono mwambi umalangiza kuti kali kokha kapezeredwe mnzake. Apa ndiye musayerekeze. M'makompyuta amene amasunga nambala m'mabiti 32, biti imodzi yosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, 2,147,483,647 ndiye malire. Mukawonjezapo 1, nambala imagudubuzika n'kukhala −2,147,483,648. Mpondamatiki wagona ndi mabiliyoni awiri, wadzuka ali ndi ngongole ya mabiliyoni awiri, wosapita n'komwe kwa akatapila.

A YouTube anaona zimenezi zikubwera. Anthu ataonera kanema wa nyimbo ya Gangnam Style ya Psy wa ku South Korea mpaka chiwerengero cha oonera kudutsa malirewa mu December 2014, kampaniyo inalengeza kuti kawerengedwe kake yakasamutsira ku mabiti 64. Munthu mmodzi wovina ngati wakwera hatchi anagwiritsa ntchito mainjiniya.

Mlandu waukulu ukadali m'njira. Makina ambiri amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 January 1970, ndipo sekondi ya nambala 2,147,483,647 idzakwana pa 19 January 2038, nthawi ya 03:14:07 UTC. Makina akale amene adzakhale asanakonzedwe adzalandira sekondi yotsatira n'kuganiza kuti ndi December 1901. Amene mukuyembekeza penshoni chaka chimenecho, konzekani kukauzidwa pa kauntala kuti mubwerenso mukabadwa.